Bulauzi Yomwe Anandiletsa Kuchapa

Linali Lachisanu la kumapeto kwa mwezi, leveni koloko m'mawa, pamene anthu a pamsika wa Nsipe anandigwetsa pansi n'kundimenya ngati mbava. Palibe chimene ndinaba. Ndinali pa ntchito, ntchito yanga yoyamba yolembedwa. Koma ndiyambe ndi mmene ndinaipezera.

Nthawi imeneyo mwana wanga Tiyamike anali akukwawa, bambo ake ali ku Joni. Ndinkakhala ndi amayi anga, omwe amagulitsa mbatatesi m'mbali mwa msewu waukulu pa Nsipe pomwepo. Ine ndinkatsuka mbatatesi ndi kuiunjika m'ndowa, koma zoitana ogula ndinkasiyira amayi. Mawu anga pagulu sankatuluka. Sukulu ndinalekezera sitandade 4, ndipo ngakhale kumeneko aphunzitsi akandiloza ndinkangoyang'ana zala za kumapazi.

Tsiku lina ndikuchokera kusikelo ya mwana ku Boma, ndinadutsa pa resitihausi ina. Magetsi anali atazima. Pakhonde panali mayi wa magalasi, thukuta lili kamukamu, akulimbana ndi simbi ya makala, mulu wa zovala uli pambali. Atandiona anandikodola.

"Chemwali, mumatha kusita ndi chinthu ichi?"

Ndinavomera ndi mutu. Ndinasita malaya amodzi mwana ali kumbuyo, iwo akuyang'ana. Atawatembenuza n'kuona kolala anati, "Mawa mubwere sikisi koloko. Mwana mukamusiye kwa agogo ake."

Anali Mayi Kachingwe a ku Blantyre, oyang'anira zovala pa gulu lomwe linabwera kudzajambula sewero la pa TV. Seweroli linali la magawo angapo. Nkhani yake inali ya apolisi a pa boma lina laling'ono, Mmwenye wa sitolo, ndi anthu akuda omwe ankadandaula kuti Mmwenye akaimba foni apolisi amabwera chothamanga, koma wakuda akaberedwa amamuuza kuti galimoto ilibe mafuta. Pakati pa nkhaniyo mayi wina wosauka amaba shuga m'sitolo ya Mmwenyeyo n'kukafera m'chitokosi cha apolisi, ndipo anthu amaukira.

Mkulu wa zonse anali mzungu, Bwana Maiki. Chichewa chake chinali "zikomo" ndi "bwino" basi, choncho mawu ake ankatifika kudzera mwa wachiwiri wake, Fredi wa ku Lilongwe, yemwe ankayenda ndi wailesi ya m'manja. Mmwenye wa m'sewero anali Imrani, wobadwira ku Limbe. Pa kamera ankatukwana anthu mpaka thupi kuchita tsembwe, koma bwana akangokuwa kuti "Kati!", kutanthauza kuti aleke kujambula, Imrani ankayenda kupepesa aliyense amene wamutukwana. Pa nkhomaliro azungu ndi akuluakulu ankadyera mu tenti, ife kuseri kwa jenereta. Imrani ankangoima pakati ndi mbale yake, kusowa kokhala.

Chipinda chimodzi cha resitihausiyo chinali cha zovala zokhazokha. Munali zitsulo zokolekapo mahang'ala, simbi ziwiri, ya magetsi ndi ya makala, mabeseni, sitachi, burashi, polishi wakuda ndi bokosi la singano. Hang'ala iliyonse inali ndi tepi yolembedwa nambala. Manambala ndimawadziwa, choncho pamenepo sindinavutike. Yunifolomu za apolisi ndinkaziviika mu sitachi, kuziyanika pamthunzi, n'kuzisita zikadali zonyowa pang'ono kuti mzere wa buluku ukhale wakuthwa. Nsapato ndinkazipukuta mpaka kudzionera nkhope. Bambo wina wamimba yaikulu, yemwe ankasewera ngati sajeni, ankakonda kupita kumsika wa pa Boma atavala yunifolomuyo. Pobwera ankadzitama kuti akabaza onse amupatuka, wina mpaka wamupatsa nthochi zaulere.

"Anti, mwasita bwino," ankatero akudzisisita pamimba. "Ulamuliro wonse uli mu simbi yanuyo."

Chimene chinandidabwitsa n'chakuti theka la ntchito linali kudetsa zovala. Malaya atsopano tinkawaviika mu tiyi wozizira, kuwakhula ndi sandipepa m'kolala ndi m'zigongono, n'kuwapaka katondo. Magazi tinkapanga ndi shuga wosungunula, utoto wofiira wa makeke ndi khofi pang'ono. Ntchito ya tsiku ikatha, Mayi Kachingwe ankajambula wosewera aliyense pa foni yawo, kutsogolo ndi kumbuyo, kuti mawa lake banga lililonse lidzakhale pamalo pake. Zimene mumaona pa TV ngati zachitika tsiku limodzi, kujambula kwake kumatha kutenga masabata.

Ine izi sindinkazidziwa. Sabata yoyamba ndinapeza malaya a wosewera wina ali magazi okhaokha, ntchentche zikuwazungulira chifukwa cha shuga uja. Ndinawachapa mpaka kuyera mbee, ndikuganiza kuti andiyamikira. Mayi Kachingwe anandikalipira pamaso pa gulu lonse mpaka ndinalira, ndipo tsikulo kujambula kunaima mpaka masana.

"Tamverani chemwali," anatero mtima utatsika. "Chovala chikalowa mu kamera sichichapidwa mpaka ine nditanena. Kaya chikununkha, kaya chachita mphutsi. Litsiro limenelo si lanu, ndi la bwana."

Lamulo limenelo ndinalisunga kuposa malamulo a kutchalitchi.

Mwezi ukupita kumapeto, wosewera yemwe ankayenera kukhala mayi wakuba shuga uja anadwala n'kubwerera kwawo. Bwana Maiki anandipeza ndikuyanika masokosi kuseri. Anandiyang'ana nthawi yaitali, monga mmene ogula amayang'anira mbuzi pamsika, kenako analankhula ndi Fredi.

"Bwana akuti nkhope yanu ndi yeniyeni," anatero Fredi. "Palibe zolankhula. Mulowa m'sitolo, mubisa shuga mu mbereko, mutuluka. Imrani akakuwa muthamange mpaka pa mpope, sajeni akakugwirani pomwepo. Basi."

Ndinkafuna kukana, koma kukana kumafuna mawu. Ndinayang'ana Mayi Kachingwe, iwo anati mwayi wotere anthu amaulirira. Nditamva kuti sitoloyo ili pa Nsipe ndinanong'ona kuti kumeneko n'kwathu.

"Ndiye zili bwino, njira mukuzidziwa," anatero Fredi. "Koma musauze munthu. Ngakhale amayi anu."

Chinsinsicho chinali ndi chifukwa chake. Anali atabwereka sitolo ya munthu wina n'kupachikapo chikwangwani chatsopano. Kwina konse komwe anayesa kujambula pagulu, anthu ankangoyang'ana kamera n'kumaseka, ena kubayibitsa. Bwana Maiki anatopa nazo. Anaganiza zobisa kamera mu minibasi ya magalasi akuda, kuti a pamsika asadziwe kanthu, nkhope zawo zioneke zodabwa zenizeni. Fredi anati tcheyamani wa msika wauzidwa. Tinadzamva pambuyo pake kuti tsikulo tcheyamaniyo anali ku maliro ku Biriwiri, ndipo sanasiyire munthu uthenga.

M'mawa wa Lachisanulo Mayi Kachingwe anandiveka bulauzi ya pa hang'ala nambala 23, yomwe ndinaidetsa ndekha ndi tiyi, chitenje chakutha, ndi duku lofika m'maso. Kumbuyo anandibereketsa chidole cha pulasitiki chokulunga m'tawulo, kachipewa ka ubweya kali kumutu. Ukachionera patali unkati ndi mwana wagona. Tiyamike anali ndi amayi pa benchi yawo ya mbatatesi, tsidya lina la msewu, iwo akudziwa kuti ine ndili ku Boma ndi simbi.

Msika unali wodzaza. Mabasi ankaima motsatizana, oitanira akulimbirana katundu, akabaza, ogula ochokera kutali. Minibasi ya kamera inaima pamthunzi moyang'anana ndi sitolo. Ndinalowa m'sitolomo. Imrani anandinong'oneza ali kuseri kwa kauntala, "Musaope anti, ndingokuwa pang'ono." Ndinalowetsa mapaketi awiri a shuga pansi pa chidole n'kutuluka.

"Wakubaaa! Mgwireni mayi uyo! Wakuba!"

Ndinathamanga monga anandiuzira. Sajeni uja, atavala yunifolomu yomwe ndinasita ndi manja angawa, analiza wezulo kumbuyo kwanga. Pa mpope sindinafike. Wina anandikola mwendo, ndinagwa chafufumimba, ndipo ndisanadzuke anthu anali atanditsekera dzuwa.

"Samalani mwana! Muchotseni kaye mwanayo!" anakuwa mayi wina. Anamasula mbereko yanga mwachifundo ndithu. Tawulo linafunyuluka, chidole chinagwera pafumbi maso ali tong'o, shuga n'kumwazika pambali pake.

Kenako mayi yemwe uja ndiye anayamba, ndi silipasi yake.

"Taonani! Ngakhale mwana ndi wabodza! Iyi ndi mbava yozolowera!"

Zinatsatira zibakera, mateche, nzimbe ya munthu wina pamsana, mwala pamwamba pa diso. Duku linavuka. Ndipo ndinamva mawu omwe ndinkawadziwa, a bambo wogulitsa kabichi pafupi ndi benchi yathu, yemwe ankamugulira Tiyamike zitumbuwa.

"Ha! Si Nangozo uyu? Mwana wa mayi a mbatatesi? Ndiye amati akugwira ntchito ku Boma, ntchito yake ndi imeneyi?"

Mawu amenewo anandipweteka kuposa mwala uja. Ndinayesa kunena kuti ndi sewero, koma m'kamwa munali magazi ndi mchenga, komanso mawu anga anali aja aja osamveka. Imrani anabwera chothamanga akukankha anthu.

"Lekani! Ndi filimu iyi! Mayiyu sanabe kanthu!"

"Iwe Mmwenye, takhala chete! Wakuwa wekha, ife tikukuthandiza!" wina anamuyankha.

"Kapena ndi chibwenzi chake!" anatero wina. Anthu anaseka, mbama imodzi n'kumupezanso Imrani. Sajeni analizanso wezulo, koma atamva wina akuitanitsa teyala ndi petulo, anavula chipewa n'kuzembera kuseri kwa masitolo.

Panali wapolisi weniweni mmodzi yemwe ankayenda ndi gulu lathu tsiku lililonse. Ndili pansi ndinamuona kudzera pakati pa miyendo ya anthu. Anali ataima pa chitseko cha minibasi, mfuti ili pachifuwa, kulondera mzungu ndi kamera. Windo linali lotsegula pang'ono, diso la kamera likundiyang'ana. Ndinkadikira mawu aja oti "Kati!" Sanamveke.

Amene anandipulumutsa ndi amayi. Wina anakawauza kuti mwana wanu akuphedwa uko. Anawoloka msewu osayang'ana magalimoto, Tiyamike ali m'manja, n'kudzigwetsa pamwamba panga.

"Ndipheni ine! Ndipheni pamodzi ndi mdzukulu wangayu!"

Tiyamike analira mpaka kubanika, ndipo manja a anthu anayamba kubwerera. Pamenepo m'pamene minibasi inayandikira. Wapolisi uja anandinyamula pa mkono n'kundikankhira mkati, chitseko n'kutseka. Palibe amene anatsika kukafotokoza. Msika wonse unaona ndi maso kuti mwana wa mayi a mbatatesi watengedwa ndi apolisi, ndipo ena anaomba m'manja.

M'njira wapolisiyo anafunsa Bwana Maiki ngati ali bwino, anafunsanso ngati kamera sinasweke. Ine anandiuza kuti ndisadonthezere magazi pa mpando.

Ku resitihausi anandikhazika mu tenti, koyamba chiyambire ntchito. Anandipatsa mapilitsi opha ululu ndi botolo la madzi. Bwana Maiki anandisisita paphewa akunena kuti "pepani, pepani", mawu atsopano omwe anaphunzira tsikulo. Kenako anakakhala pa kaTV kake kakang'ono n'kumabwereza zomwe anajambula. Ndinkamva kubuula kwanga kukutuluka mmenemo. Anzake anaunjikana kumbuyo kwake akugwedeza mitu, wina akuimba mluzu chifukwa cha kukoma kwake.

Mayi Kachingwe anabwera foni ili m'manja. Ndinaganiza kuti akufuna kuitana galimoto yoti indiperekeze kuchipatala.

"Imirirani chemwali. Tembenukani."

Anandijambula kutsogolo ndi kumbuyo. Kenako m'chipinda cha zovala anandivula bulauzi ija pang'onopang'ono, ngati ya mkwatibwi, kuti magazi a paphewa ndi pachifuwa asapakike pena, n'kuikoleka pa hang'ala yake.

"Iyi musaikhudze. Mawa tijambula muli m'chitokosi." Nditanyowetsa kansalu kuti ndiike pa diso, anandigwira dzanja. "Bwana akuti chotupacho chisaphwe. Cha utoto sichingafanane nacho. Mugone mommuno kuti mawa musachedwe." Ponena zimenezi sanandiyang'ane m'maso.

Madzulo amayi anafika pa kabaza ndi Tiyamike. Anayamba kukandifuna kupolisi, atandisowa n'kubwera ku resitihausi. Ndinawafotokozera zonse mwana akuyamwa. Iwo anamvetsera osandidula, kenako anandiuza zawo. Anzawo a mbatatesi anali atasuntha ndowa zawo kutali ndi benchi yathu. Apongozi anga anabwera kudzalavula pansi pamaso pawo, n'kunena kuti aimbira kale foni mwana wawo ku Joni, ndipo mdzukulu wawo sangaleredwe ndi mbava.

"Ine ndakukhulupirira, mwana wanga," anatero amayi. "Koma ine ndekha si msika. Amene anakuchititsa manyaziwa apite akanene okha."

Ndinapita kwa Fredi. Chibadwire ndinali ndisanapemphepo kanthu kwa bwana aliyense. Ndinagwada monga timachitira kwathu, n'kunena kuti sindikufuna china chilichonse, koma apite ku Nsipe ndi chimkuzamawu akauze anthu kuti sindine wakuba. Imrani, tsaya lili lotupa, anati ngati ena akuopa apita yekha. Fredi anakalowa mu tenti, analankhula ndi bwana kanthawi, n'kubwera akukanda m'mutu.

"Bwana akuti akumvetsa kwambiri. Koma Lachisanu likubwerali tikajambulanso pamsika womwewo, gawo loti anthu akuukira. Akadziwa panopa adzayamba kuyang'ana kamera, ena adzavuta. Tikamaliza zonse tidzanena." Anatembenukira kwa Imrani. "Iwenso ukatsegula pakamwa, ntchito yatha, ndipo bwana akutengera kukhoti." Imrani anayang'ana pansi. Fredi anandimwetulira. "Komanso anti, taganizani. Ikadzatuluka pa TV dziko lonse lidzakudziwani."

"Lidzandidziwa ndikuba shuga," ndinatero.

Sindikudziwa komwe mawuwo anachokera. Fredi anaseka, kuyesa nthabwala.

Ndinadzamva kuti seweroli linaonetsedwa, ndipo a m'tauni analiyamikira kuti linanena zoona za mmene wakuda amachitidwira m'dziko lake lomwe. Ine sindinalionere. Chiyambire nthawi imeneyo ndachapira ndi kusitira anthu ambiri, ndipo chimene ndinatola n'chimodzi. Sewero limakhala sewero pamene onse amene alipo akudziwa. Akadziwa a mu minibasi okha, amene ali pansiyo mwala umamupweteka ndithu. Ndiye masiku ano bwana akandiuza kuti musaope, n'zongoyerekeza, ndimayamba ndafunsa kuti akudziwa ndani.

M'mawa mwake, Loweruka, ndinadzuka akuluakulu asanadzuke. Amayi ndi Tiyamike anali akadagona pa mphasa pakati pa mahang'ala. Ndinachotsa bulauzi ija pamalo pake n'kuiyang'ana. Tiyi ndi katondo zinali za bwana, koma magaziwo anali anga. Magazi enieni safuna madzi otentha, amachoka ndi madzi ozizira ndi mchere. Ndinaiviika m'beseni, kuifikisa ndi sopo, kuitsukuluza mpaka madzi anayera. Ndinakoleza simbi ya makala, kuisita mpaka kuuma, n'kuibwezera pa hang'ala nambala 23. Chawo sindinatenge ngakhale pini. Kiyi ndinamusiya pa chitseko.

Ndinabereka Tiyamike, mutu osavala duku, diso lili lotupa, ndipo tinakwera minibasi ya ku Nsipe ndi amayi. Titatsika anthu onse anatitembenukira. Bambo wa kabichi anayamba kukonza makabichi omwe anali okonza kale. Ndinatsuka mbatatesi n'kuiunjika m'ndowa monga mwa masiku onse. Basi yoyamba itaima, amayi anafuna kudzuka kuti aitane, koma ndinawagwira pa bondo. Ndinanyamula ndowa ndekha, ndinayenda mpaka pa windo msika wonse ukuona, ndipo ndinakuwa.

"Mbatatesi! Mbatatesi ya lero!"